Amalume Amene Ankalawa Dothi

Pamaliro a amalume a Jailosi ine sindinalire. Ndikunena ndekha pasadakhale, chifukwa amayi a kumpingo ayamba kale kunong'onezana kuti Felesiya ali ndi mtima wa mwala. Anene. Ndinaphika nawo, ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale mpaka zala kutuwa, koma msozi wokha unakana, ndipo sindinaukakamize.

Tinawaika Loweruka lapitali kumanda a kwathu, cha kuno ku Ndunde. Olankhula anali ambiri, ndipo onse ankabwereza chinthu chimodzi: chimbudzi chimene a Jailosi analoza malo ake sichinagwepo, chitsime chimene anakumba sichinaphwepo, nyumba imene anaiyezera maziko sinang'ambikepo. Kuchokera ku Mpama mpaka ku Namadzi mungafunse aliyense, adzakuuzani zomwezo. Koma ankanena zimenezi atatsamira khoma la nyumba ya amayi anga, mlongo wa malemuwo wa bere limodzi, khoma lokhala ndi mng'alu woti mwana amapisamo mkono wonse. Palibe ngakhale mmodzi anatembenuka kuliyang'ana.

Amalume anali mwinimbumba wathu. Kwathu kuno malo ndi a akazi. Mwamuna amakakhala kuchikamwini, koma woyang'anira malo a alongo ake ndi ana awo amakhalabe yemweyo. Iwo ankakhala kwa akazi awo cha ku Mpama, n'kumabwera kwathu panjinga yakuda yopanda mabuleki, chitsulo chawo chokumbira atachimangirira ndi mphira. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa zikhatho zolimba ngati chikopa cha ng'oma. Ntchito yokumba anaiphunzira ali mnyamata, kumishoni ndi m'minda ya fodya ya azungu, ndipo atakula anasiya kukumba okha, anangokhala woloza.

Munthu akawaitana kuti amulozere pomanga, sankapupuluma. Ankakumba kadzenje kolekeza m'bondo, n'kutapa dothi la pansi, kulilavulira malovu, kulipota pachikhatho ngati akupota chingwe. Akatero ankalilawa kunsonga kwa lilime, maso ali psinipsini. Kenako ankathira ndowa ya madzi m'kadzenjemo, n'kukhala pansi kukulunga fodya wawo wa chingambwe, kudikira kuti aone ngati nthaka imwe madziwo kapena iwakane. Mwininyumba ngakhale akhale ndi changu chotani, ankadikira nawo. Ife ana tinkaseka kuseri kuti amalume amadya dothi ngati mayi woyembekezera.

Ankakonda kunena kuti katondo, dothi lofiira lija, ndi munthu wa mawu amodzi: mmene wamusiyira m'chilimwe ndi mmene udzamupezere m'dzinja. Mchenga ankautcha wakuba, woti umameza madzi ndi feteleza yemwe osabweza kanthu, pokhapokha utauthira dothi la pachulu. Koma amene ankawanena kwambiri ndi makande, dothi lakuda la kumunsi kwa madambo. Ankati makande ali ndi mitima iwiri. Dzuwa likawomba amang'ambika mpaka mwanapiye kugweramo, mvula ikagwa amatupa n'kukankha chilichonse chimene chakhala pamwamba pawo. Ankati makande ndi odyera, si ogonera: dzalapo kabichi, mzimbe, chimanga cha m'dimba, koma usamangepo ngakhale khola la nkhuku. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, ndikanatha kuwanena ndili m'tulo.

Sindibisa zabwino zawo, chifukwa ndine mkhristu. Bambo athu atamwalira, ndi amalume amene anaphunzitsa amayi kukweza mabedi m'dimba kuti mizu isaole, kukwirira mapesi ndi ndowe kuti makande afewe, kusalima dothi likadali chinyezi kuopa zibuma. Mpiru ndi matimati a m'dimba limenelo, amene amayi ankakagulitsa ku Namadzi, ndi amene anatiphunzitsa sukulu ine ndi mchimwene wanga Dayisoni. Ndimakumbukiranso tsiku limene a Likhutu, oyandikana nafe, anawaitana kuti akumbitse chimbudzi chakumtunda kwa chitsime chawo, poti mpamene panali pobisika. Amalume anakana. A Likhutu anaumirira kuti malo ndi awo. Amalume anamangirira chitsulo panjinga, nkhuku imene anawaphera ili pamoto, n'kuwauza kuti iwo sakumbira munthu dzenje loti adzamwe zonyansa zake. Anachoka osadya, ndipo anthu awiriwa sanapatsane moni mpaka mvula inagwa n'kutha. Munthu wake anali wotero, ndiye musadabwe kuti amayi ankawakhulupirira ngati Baibulo.

Patatha zaka ziwiri chivotereni mavoti oyamba a zipani zambiri, Dayisoni anapeza ntchito yoyendetsa lole ku Limbe. Anadzimana mwana uja, mpaka anatumiza malata ndi simenti pang'ono kuti amayi amange nyumba ya njerwa. Mwayi wotero kwa mayi wamasiye umabwera kamodzi. Nthawi imeneyo tinkakhala pamtunda, m'nyumba yaudzu, pakati pa munda wathu wa katondo mmene munali chimanga, nandolo ndi mitengo ya mango imene anadzala agogo. Amayi anavina malatawo atafika. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalume anabwera m'mawa wa Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Anazungulira pabwalo manja ali kumbuyo, n'kupukusa mutu.

“Achemwali, pamtunda pano musamangepo,” anatero. “Pali chiswe choopsa, chidzakudyerani denga. Pansi pali thanthwe, chimbudzi sichingazame. Komanso mukukula inu. Tsikirani kumunsi, pafupi ndi dimba ndi chitsime, musamavutike ndi chitunda mutasenza ndowa.”

“Kumunsi kuja si makande, achimwene?” amayi anafunsa.

“Makande ali m'dimba. Pamene ndikunena ine pali bwinobwino.”

Tinatsika nawo. Atafika pamalopo anangoponda pansi ndi chidendene kawiri katatu, n'kunena kuti apa. Chitsulo chinatsala panjinga. Sanakumbe, sanalawe, sanapemphe ndowa ya madzi. Unali mwezi wa chiperoni, udzu utaphimba nthaka yonse, ming'alu isanayambe kuoneka. Madzulo ake ndinawauza amayi kuti bwanji amalume lero sanadye dothi. Anandiyankha kuti, “Iwe ukudziwa nthaka kuposa amalume ako? Malo anabadwirapo angafune kulawa?” 

Njerwa, anatero amalume, tiumba pamtunda pomwepo, poti katondo ndiye amapsa bwino. Anabweretsa anyamata anayi ndi zikombole zawo. Uvuni woyamba unalidi wa amayi, ndipo nyumba inakwera, yokongola, ya zipinda zitatu, anthu akumabwera kudzaiona. Tinasamuka. Koma anyamata aja sanachoke. Anaumba uvuni wachiwiri, amalume akuti ndi wa khitchini. Wachitatu anati ndi wothandiza kutchalitchi. Wachinayi sananenenso kanthu, tinangoona lole ikubwera chambuyo m'munda mwathu. Nthawi imeneyo aliyense m'tauni ankamanga, njerwa zinkayenda malonda ngati mchere. Chaka ndi chaka mvula ikangosiya, anyamata ankabwera, maenje akukula, munda ukuchepa. Nkhuni zowotchera zitasowa, nkhwangwa inalowa m'mango a agogo. Chiswe chija sitinachione, ndipo thanthwe lija okumbawo sanalipeze ngakhale anazama mpaka kubisika mitu.

Tsiku limene anagwetsa mtengo wa mango womaliza ndinawapeza ali chilili m'mphepete mwa dzenje, akusuta.

“Amalume, munda wa amayi mwaugulitsa?”

“Ndagulitsa munda?” anatero osanditembenukira. “Malo si awa ali pompano? Kayeze malire, uone ngati lasuntha ndi phazi limodzi.”

“Nanga tidzala pati? M'dzenje?”

“Iwe Felesiya, usandiyankhule ngati ndine mnzako wa kuchigayo. Amene ndinakumanga ukwati ndine.”

Apa mpamene panali pomvetsa chisoni. Kwathu ukakhala ndi mlandu wa malo, wokuyankhulira kubwalo ndi mwinimbumba wako. Ndiye ukamusumira yemweyo, akuimirire ndani? Dayisoni anabwera kuchokera ku Limbe atalusa, akuti akawaonetsa. Amayi anamugwira malaya pakhomo. Anati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo iwo sangakhale ndi moyo kuona mwana wawo akutukwana amalume ake pagulu. Dayisoni anabwerera tsiku lomwelo, ndipo chiyambire pamenepo kumudzi ankangobwera pamaliro.

Nyumba inayamba kulankhula mvula yachitatu. Choyamba chitseko chinakana kutsekeka, tinachipala. Chilimwe chitafika chinayamba kulendewera, mphepo ikulowa pansi. Kenako mng'alu unatuluka pakona ya windo n'kutsika mpaka pansi. Tinamata ndi simenti, unatsegukanso. Tinamata ndi dothi, unatseguka pena. Simenti ya pansi inatukuka pakati, moti ndowa ukaiika pabalaza madzi ankapendekera mbali imodzi. Mvula ikagwa pabwalo pankasanduka phala lomata, nsapato kutsala m'matope. Amalume akabwera ankati mmisiri ndiye anaba simenti. Amayi ankavomera.

Kenako kunabwera mvula yaikulu ija, imene inatsogolera chaka cha njala. Chimbudzi cha amayi chinali cha dzenje wamba, mitengo ya bulugamu yoyala pamwamba, dothi pamwamba pake. Malo ake analoza ndi amalume omwewo, kuseri kwa nyumba, moyang'ana kudimba. M'mawa wina mvula itagwa masiku angapo osalekeza, amayi analowamo. Ine ndinali kukhitchini, ndinangomva phokoso ngati ng'ombe yagwa, kenako mawu a amayi akuitana dzina langa motsitsa, ngati safuna kuti ena amve. M'mbali mwa dzenje munali mutagumuka, mitengo, khoma, zonse n'kulowa pansi pamodzi ndi iwo. Anali atamira mpaka m'chifuwa, mtengo utawapana m'chiuno.

Amene anawatulutsa ndi a Likhutu ndi ana awo, pogwiritsa ntchito chingwe cha ng'ombe. Mayi amene sanatulukepo panja opanda duku, tinawasambitsa pabwalo, mudzi wonse utaunjikana. Fupa la m'chiuno linathyoka. Kuchipatala cha mishoni anakhalako mpaka chimanga kucha, ndipo anatuluka ndi ndodo imene ali nayo mpaka lero. Zonyansa za m'dzenje lija zinatsikira m'chitsime cha m'dimba, azaumoyo anatiuza kuti tichikwirire. Ndiye njala itafika, munda wa pamtunda unali maenje, dimba lopanda chitsime, mwinidimba ali pamphasa. Tinadya gaga ndi nthochi zosakhwima, ife amene dimba lathu linkadyetsa anthu.

Amalume anabwera kuchipatala ndi mabanzi m'pepala. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kunena kuti mvula ngati ya chaka chino sanaionepo chibadwire.

“Zoona achimwene,” amayi anatero. “Za Mulungu izi.”

Amalume atatuluka ndinati, “Amayi, munthu uja ankadziwa.”

“Analakwitsa chabe. Khasu lomwe limaphonya udzu n'kudula chimanga. Mlongo wanga sangandiike pa makande akudziwa.”

Mawu amenewa anawagwiritsa ngati ndodo yawo yachiwiri. Tikakangana, ankabwerera pomwepo: analakwitsa. Ndinazindikira kuti nyumba, munda, mwendo, zonse anali atazilola kupita, koma ichi chokha ankachikakamira, choti mlongo wawo sanachite dala.

Ine ndinali nditaona kale zondikwanira. Chaka china ndinapita ku Mpama kukawauza amalume za chinkhoswe cha mwana wa msuweni wathu. Ndinapeza nyumba ya akazi awo itaima pamtunda, yaikulu, yofiira, njerwa zake ndikuzidziwa ngati nkhope za abale anga. Mwana wawo wa ku Blantyre ankafuna kuwaikira chimbudzi chamadzi cha m'nyumba, ndiye pankafunika thanki ya pansi ndi dzenje lomwetsa madzi otuluka m'thankimo. Ndinawapeza amalume atakumba timaenje m'malo osiyanasiyana kuseri kwa nyumba, tonse tili ndi madzi, iwo ali pampando pakati, fodya ali kukamwa. Anandifotokozera mokondwa, ngati ndine mlendo wodzaphunzira, kuti dzenje lotere ukaliika pa dothi losamwa madzi zonse zimabwerera m'nyumba, ndiye pamafunika kuleza mtima. Anati m'dzenjemo adzadzazamo zidutswa za njerwa kuti madzi azisefeka. Ndinayang'ana mulu wa zidutswazo. Dothi limene linkabereka nandolo wa amayi linali kudikira kukasefa zonyansa za eni nyumba. Chinkhoswe ndinachinena nditaimirira, madzi akumwa amene anandipatsa sindinawalandire.

Amalume atadwala matenda a mtima otupitsa miyendo, amayi ankandituma ndi nkhuku, ndi ufa, ndi chilichonse chimene chapezeka. Ndinkapititsa. Sanapepesepo, ngakhale mwa mwambi. Ulendo womaliza anandifunsa ngati amayi akukwezabe mabedi m'dimba, ndinawakumbutsa kuti dimba linafa kalekale. Anangoti, “Ohoo,” n'kutembenukira kukhoma.

Mwamuna akamwalira amabwerera kwawo, ndiye thupi linadzagona m'nyumba ya amayi. Ana a malemu a m'tauni ankayenda monyang'ama pabalaza, akuyang'ana ming'alu, akufunsana ngati khomalo silingagwere anthu. M'mawa wa tsiku loika, achibale ena anabwera kuchokera kumanda akudandaula kuti manda akumbidwa patali, kumtunda kwenikweni m'mphepete mwa msitu, pamene agogo ndi abale onse a mbumba yathu anagona chakumunsi. Anaitanitsa a Mofolo, mkulu wa okumba manda, kuti afotokoze. A Mofolo anagwada pakhonde, chipewa chili m'manja. Amayi anali pamphasa pafupi ndi chitseko.

“Pepani eni maliro, ife tangotsata mawu a malemu,” anatero. “Anabwera okha chilimwe cha dzana, ndi chitsulo chawo. Anakumba, kulawa, kuthira madzi, tsiku lonse. Pamene anakhutira anadzalapo nkhadze, n'kutiuza kuti mudzandiike apa, pa katondo. Anati kumunsi kuja musadzayerekeze, bokosi lingadzayandame. Anati ndi mzere womwe uja wa makande wotsikira kwa achemwali anga, ndimaudziwa kuyambira ndili mnyamata, bambo athu anayesapo khola la nkhumba pamenepo linagwa chaka chomwecho.” A Mofolo anapukusa mutu mogoma. “Munthu ankaidziwa nthaka ameneyu. Sitidzapezanso wina.”

Anthu anavomereza kuti zoonadi, zoonadi. A Mofolo sanadziwe chimene ananena. Ine ndinayang'ana amayi. Anangotambasula dzanja n'kugwira khoma pamene pali mng'alu, ngati akufuna kudzuka, koma sanadzuke.

Amayi tinawatengera kumanda panjinga. Bokosi litatsika, abusa anaitana achibale kuti aponye dothi, ndipo fosholo inayamba kufika kwa amayi monga mlongo wa malemu. Anatapa dzanja limodzi. Dothi lofiira, louma, lofumbutuka bwino. Analiyang'ana, n'kulipota pachikhatho monga ankachitira amalume.

“Felesiya,” anandinong'oneza, “ndi katondo uyu.”

“Eya, amayi.”

“Ankadziwa.”

Sanaliponye. Anthu akuyembekeza, nyimbo ili pakati, anamasula nsonga ya chitenje, kuthiramo dothilo, kumanga mfundo ngati mmene amamangira ndalama ya chopereka. Wogwira fosholo anaima pang'ono, kenako anapitirira kwa ena. Amayi sanalirenso tsiku limenelo, ndipo anthu akunena za ine ndekha chifukwa iwo amawaopa.

Dzulo alendo onse atabalalika, amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze pamtunda. Chivulalireni anali asanakwereko. Tinayenda pang'onopang'ono, akupuma pa mzere uliwonse. Malire alipodi, amalume sananame: chitsa cha mkuyu kummawa, mwala waukulu kumadzulo, palibe chasuntha. Pakati pake ndiye palibe kanthu. Maenje anayi analumikizana n'kukhala dzenje limodzi lalikulu, m'mbali mwake muli phompho, pansi pali madzi obiriwira amene saphwa ngakhale mu Okutobala. Mwamera mlulu ndi udzu woyabwa, achule ndi udzudzu ndiye eni ake. Pamene panali nyumba yathu yaudzu patsala chulu cha phulusa ndi njerwa zopserera zimene lole inazikana. Zitsa za mango a agogo chiswe chinazimaliza, ndipo chiswe chokha chimene ndachionapo pamtundapo ndi chimenecho.

Amayi anaima m'mphepete, atatsamira ndodo. Anandilozera pamene ankadzala nandolo, pamene anakwirira mchombo wa Dayisoni, pamene ankafuna kuti khomo la nyumba ya malata liyang'ane. Ponseponse chala chawo chinkaloza m'malere, pamwamba pa madzi. Kenako anamasula mfundo ija, n'kukutumulira dothilo m'dzenje. Linafiiritsa madzi malo ochepa ngati chikhatho, kenako ndere zinatsekanso.

Anakung'untha chitenje, n'kunena kuti titsike kusanade, tikaone ngati chitseko chilola kutsekeka.